Kuthamanga Sikufika: Phunziro la Sitima ya USS Freedom

Pa 29 September 2021 asilikali a pamadzi a dziko la America anatsitsa mbendera pa sitima yankhondo yotchedwa USS Freedom ku doko la San Diego, ndipo ntchito yake inathera pomwepo. Sitimayi inakonzedwa kuti itumikire zaka 25, koma inapumitsidwa isanakwanitse zaka 13. Aliyense amene boma linamuikiza chuma cha anthu ayenera kufunsa chimene chinachititsa zimenezi.

Maganizo oyamba sanali oipa. Akuluakulu a nkhondo anaona kuti sitima zawo zikuluzikulu n'zodula ndiponso sizingayende bwino m'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja, kumene adani amatchera mabomba ndi kubisa timabwato taliwiro. Tsono anafuna sitima yaing'ono, yothamanga, yotsika mtengo, yoyendetsedwa ndi anthu 40 okha. Zida zake zinayenera kukhala zochotseka, kotero kuti sitima imodzi yomweyo ithe kusaka mabomba a m'madzi, kenaka kusaka sitima zoyenda pansi pa madzi, kenakanso kulimbana ndi timabwato, malinga ndi zida zimene yapakira. Anafuna sitima 55 zamtundu umenewu, iliyonse ya madola pafupifupi 220 miliyoni.

Ntchito yomanga Freedom inayamba m'chaka cha 2005 ku Marinette, m'chigawo cha Wisconsin, motsogozedwa ndi kampani ya Lockheed Martin. Apa ndi pamene panagona vuto. Amisiri anayamba kudula zitsulo mapulani asanathe, ndipo malamulo a kamangidwe anali kusinthidwa ntchito ili m'kati. Zimene zinawotcheredwa kale zinayenera kuphwasulidwa ndi kukonzedwanso. Sitimayi inatsitsidwira m'mtsinje wa Menominee pa 23 September 2006, koma inayamba ntchito pa 8 November 2008, mtengo wake utapitirira madola 600 miliyoni. M'chaka cha 2007 boma linali litafafaniza kale mapangano omangira sitima yachitatu ndi yachinayi chifukwa cha kukwera kwa mitengo.

Asilikali amene anakwera sitimayi sayenera kudzudzulidwa. M'chaka cha 2010 anaitenga kupita ku nyanja ya Caribbean, kumene anagwira mankhwala ozunguza bongo ochuluka amene anali kuzembetsedwa pa timabwato. M'chaka cha 2013 anafika nayo ku Singapore, ndipo anathandiza kupereka katundu kwa anthu a ku Philippines amene anakanthidwa ndi namondwe wa Haiyan. Anagwira ntchito yawo mokhulupirika, ngakhale kuti anali ochepa kwambiri mwakuti chiwerengero chawo chinachita kuwonjezedwa kufika pa 50.

Koma zolakwa za pa chiyambi zinaitsata sitimayi kulikonse. M'chaka cha 2011 inapezeka ndi mng'alu m'thupi mwake itayesedwa pa mafunde amphamvu. Pa ulendo wa ku Singapore makina ake opangira magetsi anali kuzima. M'chaka cha 2016 madzi a m'nyanja analowa mu injini imodzi ndi kuiwononga. Zida zochotseka zija, zimene zinali mutu weniweni wa ganizo lonse, zinachedwa zaka zambiri, ndipo zosakira sitima za pansi pa madzi zinasiyidwa m'chaka cha 2022. Sitima inzake ya USS Independence, yomangidwa ku Mobile m'chigawo cha Alabama, inayamba ntchito m'chaka cha 2010 ndi kupumitsidwa m'chaka cha 2021 chomwecho.

Ena amati chinthu choyamba cha mtundu wake sichilephera kukhala ndi zilema, ndipo kunena kotero n'koona. Komatu ntchito ya chinthu choyamba ndiyo kuphunzitsa. Nzeru inali yomanga sitima imodzi kapena ziwiri, kuziyesa mokwanira, kukonza zolakwa, kenaka n'kuitanitsa zina. M'malo mwake boma linapitiriza kugula zinzake mayeso asanathe, kufikira zinakwana 35. Wokhoma msonkho ndiye anasenza mtolo wonsewo.

Dziko la America ndi lolemera, ndipo likhoza kutaya madola mamiliyoni ochuluka koma boma lake n'kumayendabe. Maiko osauka alibe mwayi wotere. Lamulo lake ndi limodzi, kaya chogulidwacho ndi sitima, mlatho, chipatala kapena makina a m'fakitale: pulani ithe kaye ntchito isanayambe, mtengo weniweni unenedwe poyera, ndipo chinthu chiyesedwe chisanagulidwe chachiwiri. Wantchito wa boma amene waona kuti pulani siinathe ali ndi udindo wouza akuluakulu ake asanasaine pangano, ndipo mkulu wanzeru sayenera kumuyesa wochedwetsa chitukuko. Miyezi imene ikanatha pomalizitsa mapulani a Freedom ikanakhala yotsika mtengo poyerekeza ndi zaka 12 za utumiki zimene sitimayi sinagwire.