Kodi Khola la Mbalame Tiziliphimba Usiku?

Funso la mwezi uno silinabwere pakalata ayi. Linandipeza Sabata lina masana, titangoweruka kutchalitchi, ndili kunyumba kwa mwana wanga wamkazi. Pabalaza pawo pali khola la waya, ndipo m'menemo muli timbalame tiwiri ta mtundu wa budgie, kena kobiriwira kena kachikasu, timene anagulira ana atakhoza mayeso. Akamwini anga amati kukada khola liziphimbidwa ndi nsalu kuti mbalame zigone. Mwana wanga amakana, akuti kuthengo palibe amene amafunditsa mpheta chitenje, koma kukacha zimadzuka zili bwinobwino. Mkanganowu unali utatha miyezi, ndipo tsiku limenelo adzukulu anangoti, "Agogo, inu mumalemba za m'nyumba, tiweruzeni."

Mlandu wa mwana wako ndi mkamwini sauthamangira. Ndinapempha nthawi, ndipo poti makola oterewa achuluka m'makomo a m'tauni, ndaona kuti chigamulo ndichipereke pano kuti ndi ena amve nawo.

Mbalame zimagona nthawi yaitali kuposa mmene ambirife timaganizira. Madokotala a ziweto amalangiza kuti mbalame za m'gulu la zinkhwe, monga budgie, lovebird ndi cockatiel, zizipeza maola 10 mpaka 12 a mdima ndi bata usiku uliwonse. Kuno kwathu chilengedwe chinakonza kale zimenezi, chifukwa usiku wathu umakhala pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Nkhunda za pakhomo zimalowa dzuwa likamalowa, zimatuluka mbandakucha, ndipo palibe amene amazidera nkhawa. Pamenepa mwana wanga akunena zoona.

Chimene waiwala ndi chakuti pabalaza si kuthengo. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, koma babu limayaka mpaka 10 kapena 11 koloko. Wailesi ya kanema ikulankhula, ana akulemba homuweki, mbale zikugundana, wina akuimba foni. Mmawa 5 koloko mayi adzuka kale, ayatsa magetsi kukonzekera a kusukulu. Werengani nokha, mupeza kuti kambalame kaja kapeza maola 6 kapena 7 okha, ndipo zili chonchi tsiku ndi tsiku. Mbalame yosowa tulo imasintha khalidwe. Imayamba kuluma zala za ana amene kale inkatera pamanja pawo, imalira mosalekeza, imawodzera masana, ndipo ina imafika pozula nthenga zake zomwe. Eni ake amangoti mbalameyi ndi yolusa, osadziwa kuti ndi yotopa.

Palinso vuto lina limene alimi a nkhuku za mazira alimvetsa msanga. Iwo amayatsa magetsi m'khola kuti nkhuku zizilandira kuwala maola 14 mpaka 16, chifukwa kuwala kwa nthawi yaitali kumauza thupi la mbalame kuti ino ndi nyengo yoikira. Kambalame kakakazi ka pabalaza kamamva uthenga womwewo kuchokera ku babu lanu. Kamayamba kuikira mazira motsatizana, ngakhale popanda kakamuna, ndipo chikhokho cha dzira lililonse chimatenga kashiamu m'mafupa ake. Mapeto ake dzira limatha kukakamira m'mimba, ndipo kambalame kolemera magalamu 30 kapena 40 sikapirira masiku ambiri zikafika pamenepo. Choncho akamwini anganso sakulakwa.

Ndisananene mmene tingaphimbire, ndikuuzeni chimene ine ndinachita molakwika, chifukwa ndi chimene chandichititsa kuti nkhaniyi ndiitenge ngati yaikulu. Zaka zambiri zapitazo tinkakhala ku Dedza, ndipo ndinali ndi timbalame tiwiri ngati tomweti. Usiku wina wa mwezi wa Julaye kunazizira koopsa. Ndinamvera chisoni timbalameto, ndinatenga bulangete lochindikala nkuphimba khola lonse mpaka pansi. Kenaka tinalowetsa mbaula ya makala m'nyumba, tinatseka mazenera, tinapemphera nkukagona. Kutacha tonse tinadzuka mitu ikuwawa, wamng'ono akusanza. Nditavundukula bulangete lija ndinapeza timbalame tonse tiwiri tili pansi, titauma. Ndinadandaula masiku angapo kuti ndatipha ndi bulangete. Patapita nthawi mnzanga wina wogwira ntchito kuchipatala anandiuza mosapita m'mbali kuti chimene chinapha mbalame ndi chomwecho chinatipweteka mitu, ndipo mbaula ikanakhala ndi makala ochulukirapo maliro sakanakhala a mbalame zokha.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umadutsa nsalu iliyonse ngati palibe kanthu. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino umene thupi limafuna. Mbalame imagonja msanga kuposa munthu chifukwa cha mmene inalengedwera. Kuwonjezera pa mapapo, mbalame zambiri zili ndi timatumba ta mpweya 9, timene timachititsa kuti mpweya watsopano uzidutsa m'mapapo popumira mkati ndi popumira kunja pomwe. Ndi chimene chimaithandiza kuuluka osatopa, koma ndi chomwechonso chimalowetsa poizoni mofulumira. Nchifukwa chake m'migodi ya malasha ku Britain, potsatira malangizo a katswiri wa sayansi John Scott Haldane, anthu ankalowa pansi ndi kambalame ka canary m'kakhola. Kakayamba kufooka, onse ankathawira kunja. Mchitidwewu unatha m'chaka cha 1986 zitabwera zida zoyezera mpweya. Ngati pali chimodzi chokha chimene mungatole m'nkhaniyi, abale ndi alongo, chikhale ichi: mbaula isagone m'nyumba, kaya muli ndi mbalame kaya mulibe.

Pa mfundo za umoyo zimene timaphunzitsana mumpingo mwathu pali kupuma, palinso mpweya wabwino. Nkhani ya nsalu pakhola yagona pakati pa ziwirizi. Nsalu imapereka mdima wa tulo, koma ikachuluka imamana mpweya. Choncho chigamulo changa ndi chakuti khola limene lili m'chipinda chimene anthu amacheza mpaka usiku liziphimbidwa, koma ndi nsalu yopepuka, ndipo osati lonse. Chitenje cha thonje chakale, chochapidwa bwino, chimakwanira. Phimbani pamwamba ndi mbali zitatu, kuyambira kumene kukuchokera kuwala, ndipo mbali yoyang'ana kukhoma muisiye yotsekula kapena mupinde nsaluyo kuti pansi pakhale mpata woposa chikhato. Bulangete, pepala la pulasitiki ndi thumba la fetereza zisayandikire khola. Thaulo nalonso ayi, ngakhale likuoneka lofewa, chifukwa tiulusi take timakola zikhadabo, ndipo mbalame yokodwa usiku imadzithyola mwendo polimbana. Ngati mbalame yanu ili ndi chizolowezi chokoka nsalu ndi kuitafuna, ulusi umatha kuundana m'kati mwake, ndiye ikani timitengo tiwiri pamwamba pa khola kuti nsalu isagunde waya.

Koma kunena zoona, njira yoposa zonse si nsalu. Ngati khola ndi lonyamulika ndipo muli ndi chipinda chimene sichiyatsidwa magetsi madzulo, ingolisamutsirani kumeneko kukada, ndipo simusowa kuphimba. Nsalu imatchinga kuwala koma siitchinga phokoso, ndipo mbalame yophimbidwa pafupi ndi wailesi ya kanema imangokhala maso mumdima. Kukhitchini kokha musaikeko. Utsi wa mafuta opserera ndi woipa kale kwa mbalame, ndipo chiwaya chosamata chakudya, chija chokutidwa ndi Teflon, chikaiwalika pamoto nkutentha mopitirira chimatulutsa mpweya umene umapha mbalame m'kanthawi kochepa. Chimodzimodzi mankhwala opopera udzudzu ndi koyilo. Ndamvapo ena akuti amaphimba khola kaye kenaka nkupopera. Nsaluyo siteteza kanthu, imangomwa mankhwalawo nkuwasunga pafupi ndi mphuno ya mbalame usiku wonse. Tulutsani khola, poperani, tsegulani mazenera, ndipo mulibweze fungo litatheratu.

Mbalame sizigona mofanana, ndipo apa ndi pofunika kuyang'anitsitsa yanuyo. Ku Liwonde National Park kuli kambalame kokongola kotchedwa Lilian's lovebird, kobiriwira thupi, kofiirira kumaso, kamene usiku kamalowa m'mphako za mitengo ya tsanya. Mbalame za mtundu wa lovebird zimakonda malo obisika chotero, ndipo zambiri zimalandira nsalu mosavuta. Ndinene pomwepa kuti za ku Liwondezo ndi zotetezedwa ndi malamulo a nyama zakuthengo, ndipo wina akakutsatsani kambalame kogwidwa kuthengo musagule. Budgie kwawo ndi ku Australia, kumene imagona pa nthambi poyera m'magulu aakulu. Inafika ku England m'chaka cha 1840 ndi katswiri wa mbalame John Gould, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yakhala ikuswetsedwa m'makola, moti ambiri mwa mabudgie amazolowera njira iliyonse malinga ikhale yosasinthasintha.

Yovutirapo ndi cockatiel, ija ya chisunzi pamutu ndi madontho ofiira m'masaya. Imeneyi imadziwika ndi kudzidzimuka usiku. Khoswe akadutsa, kapena nyali za galimoto zikawala pazenera, imalumpha nkuyamba kudzigunditsa kuwaya, ndipo poti mumdima siona bwino imalephera kupeza potera. Nthenga yongomera kumene ikathyoka imatuluka magazi ambiri. Mbalame yotere mdima wa bii umaionjezera mantha. Phimbani mbali ziwiri zokha, ndipo musiye kanyali kochepa mphamvu chapatali, monga tija ta sola. Ikadzidzimuka, yatsani magetsi, lankhulani nayo motsitsa, musalowetse dzanja m'khola mpaka itakhazikika.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Miyezi ya Juni ndi Julaye, makamaka ku Dedza, ku Mzuzu, ndi ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikawomba, chimene chimavutitsa mbalame ya m'nyumba kwambiri ndi kamphepo kolowera pansi pa chitseko kapena m'zenera losweka. Thupi la mbalame limatentha kupitirira madigiri 40, ndipo ikafufumitsa nthenga imadzifunditsa yokha, koma mphepo yowomba molunjika imachotsa kutenthako. Chitenje cha mbali zitatu chimathetsa zimenezi, ndipo kuchotsa khola pazenera kumathandiza koposa. Mwezi wa Okutobala zinthu zimatembenuka. Ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, musaphimbe konse, kapena mungotchinga mbali imodzi ya kuwala. Mukaona mbalame yatsegula kukamwa, mapiko yawatalikitsa ndi thupi, dziwani kuti yatenthedwa. Chotsani nsalu msanga ndipo ionetsetseni kuti ili ndi madzi abwino.

Musayembekezere kuti nsalu iteteza ku adani. Mphaka amamva fungo, khoswe amakwera nsalu yomweyo, ndipo linthumbu likalowa silifunsa. Khola likhale pamalo okwera, chitseko chake chotsekedwa bwino, ndipo madeya a mbewu ogwera pansi azisesedwa madzulo chifukwa ndi amene amaitana makoswe. Khola lapakhonde lizilowa m'nyumba usiku. Udzudzu umafalitsa nthomba ya mbalame, imene oweta nkhunda ndi nkhuku amaidziwa ndi tizilonda ta m'maso ndi pamlomo, koma yankho lake si kulanda neti ya ana nkukutira khola.

Chinthu chimodzi chimene ndimadana nacho ndi kugwiritsa ntchito nsalu ngati chilango. Alendo abwera, mbalame ikulira, wina nkuiphimba masana dzuwa likuswa mtengo kuti ikhale chete. Imakhaladi chete, koma mwaisokoneza nthawi, ndipo simunafufuze chimene imalirira. Lamulo la Sabata mu Eksodo 20 limatchula ziweto pamodzi ndi ana ndi antchito pa nkhani ya kupuma, ndipo ine ndimamva kuti amene watsekera cholengedwa m'khola wasenza udindo wa usana ndi usiku wake. Nsalu ibwere pa ola lomwelo madzulo aliwonse, ichoke pa ola lomwelo mmawa. Pochotsapo yang'anani pansi pa khola ndi mbalame yomwe. Yathanzi imagona pakamtengo, nthawi zambiri ndi mwendo umodzi, mutu itaubisa m'nthenga zakumsana, ndipo budgie yokhutira imakukuta mlomo isanagone. Imene mwaipeza pansi, itafufuma, maso ali otseka dzuwa litatuluka kale, imeneyo ikudwala, ndipo mupite nayo kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa mbalame zimabisa matenda mpaka zitafooka kwambiri.

Kunyumba kwa mwana wanga tinagwirizana chonchi. Khola limachoka pabalaza 7 koloko, akangotha mapemphero a madzulo, nkukagona mumpata wopita kuzipinda, kutali ndi khitchini. Poti babu la pamenepo limayatsidwa anthu akamapita kubafa, akamwini anga anapambana pa nkhani ya nsalu, ndipo akugwiritsa ntchito chitenje chakale cha msonkhano wa misasa. Mwana wanga anapambana pa mbali yachinayi, imene imakhala yotsekula. Ntchito yophimba ndi kuvundukula anapatsidwa mdzukulu wamkulu, amene ali mu Pathfinder. Sabata lapitali, pothamangira Sukulu ya Sabata, anaiwala kuvundukula, ndipo anakumbukira ali pageti. Anabwerera chothamanga, banja lonse nkufika nyimbo yoyamba itayamba kale.