LAMYA YAFUPIKITSA NJIRA YA KU MSIKA

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wopitirira makilomita 500. Kwa zaka zambiri mtunda umenewu ndiwo unali kudya phindu la mlimi wa kum'mawa. Iye analima nshawa ya Chalimbana, nyemba ndi mpunga, koma mtengo unali kuikidwa ndi amalonda oyendayenda amene anali kufika pakhomo ndi meda yao.

Tsopano zinthu zayamba kusintha. Mai wa ku Katete kapena ku Petauke amene ali ndi lamya ya m'manja akhoza kujambula matumba ace a nshawa, natumiza cithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndi kumvana mtengo ndi wogula wa ku msika wa Soweto. Ndalama zibwera pa Airtel Money, MTN kapena Zamtel, katundu akwera basi ya m'mawa. Safunika sitolo, ngakhale lendi. Amene malonda ace akula angathe kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA pa intaneti pomwepo.

Koma nkofunika kunena zoona zonse. Lamya yojambula bwino ndi yokwera mtengo, mabando nao akudya ndalama, ndipo kuyambira mu Januwale 2024 pali msonkho wa Boma potumizirana ndalama pa lamya. M'midzi ina munthu ayenera kukwera pa culu kuti uthenga upite. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale a m'tauni anasowa popacajira lamya.

Coopsa kopambana ndi akathyali. Iwo atumiza uthenga wooneka ngati ndalama zalowa, pamene palibe ngwee imene yalowa. Ena aimba nadzicha anchito a kampani ya lamya, napempha nambala yacinsinsi. Nambala imeneyo siipatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale m'bale. Wogulitsa ayambe waona yekha ndalama zotsala m'lamya mwace asanakweze thumba pa basi, ndipo wakuba aneneredwe ku polisi ndi ku ZICTA.

Mlimi mmodzi wa matumba awiri sangakope wogula wa ku Lusaka, pakuti mtengo wa basi udzamaliza phindu. Apa ndi pamene makoparetivi ayenera kugalamuka. Asonkhanitse zokolola, asankhe mnyamata kapena mtsikana wodziwa lamya, ndipo ndalama zilowe pa nambala ya gulu imene mamembala onse aidziwa, mlembi naziwerenga poyera pa msonkhano.