Albumin: diripi yodula, koma si ya aliyense wotupa

Amalawife diripi timaikhulupirira kwambiri. Wodwala akapita kuchipatala n'kubwerako ndi mapiritsi okhaokha, achibale amang'ung'udza kuti adokotala sadamuone bwino. Koma akangomupachikira botolo, mitima imakhala pansi, ndipo uthenga umapita kumudzi woti tsopano athandizidwa.

Mwa madiripi onse, ilipo ina imene imavula mabanja mumzinda wa Lilongwe muno. Dzina lake ndi albumin. Ndi kabotolo kagalasi, madzi ake achikasu pang'ono, koma mtengo wake ngwoti pepala likalembedwa, mafoni amayamba kulira. Wina akuzungulira sitolo za mankhwala za ku Old Town, wina wakwera minibasi ya ku City Centre, wina akugogoda pageti la amalume ku Area 10 kapena ku Area 43 kuti athandizepo. Ena amafika pokongola katapira. Ine ndikuti tisanagulitse mbuzi, tiyambe tadziwa kuti m'botolomo muli chiyani, chifukwa mankhwalawa amapulumutsa anthu ochepa amene akuwafunadi, pomwe kwa ena ambiri n'kutaya ndalama, ndipo kwa ena ndi ngozi.

Albumin ndi puloteni imene chiwindi chathu chimapanga tsiku lililonse n'kuitsanulira m'magazi. Munthu wabwinobwino amakhala ndi magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi ya madzi a m'magazi. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira madzi kuti akhale m'mitsempha. Ikachepa, madzi amathawira m'minofu ndi m'mimba, ndiye mumaona miyendo yatupa, nkhope yafufuma, mimba yakula ngati ng'oma.

Ya m'botoloyo siyochokera ku mitengo kapena ku mazira ayi. Amaisefa kuchokera m'magazi a anthu ambirimbiri amene adapereka magazi, kenaka amaitenthetsa pa madigiri 60 kwa maola 10 pofuna kupha tizilombo monga HIV ndi ta matenda a chiwindi. Njira yoisefera adaitulukira ndi Edwin Cohn wa ku Harvard, ndipo idayamba kudziwika pothandiza asilikali amene adavulala ku Pearl Harbor mu 1941. Kuno kwathu bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera ndi kuyeza magazi, koma albumin ya m'botolo timaitanitsa kunja. N'chifukwa chake imadula chonchi. Ndipo poti ndi chinthu chochokera m'magazi, amene chipembedzo chawo chili ndi malamulo pankhani ya magazi ali ndi ufulu wouzidwa zimenezi botolo lisanapachikidwe.

Bodza lalikulu limene lafala ndi loti albumin ndi chakudya cha m'mitsempha, chopatsa mphamvu wodwala amene wafooka. Tiyeni tiwerengetsere. Kabotolo ka mamililita 100 kolembedwa 20% kamakhala ndi magalamu 20 a puloteni. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Ndiye kuti puloteni ya m'kabotolo kodulako ikungofanana ndi ya mazira atatu kapena anayi a pamsika wa Lilongwe. Komanso thupi siliigaya msanga n'kumangira minofu monga limachitira ndi dzira, usipa kapena nyemba. Albumin ikatsika m'magazi, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti pali matenda ena amene akulivuta thupi. Kukweza nambala ya pa pepala la ku labotale popanda kulimbana ndi matendawo kuli ngati kuthira madzi mu ndowa yobooka.

Pa matenda ena a impso fanizo limeneli ndi lenilenidi. Impso zimachucha, albumin imatuluka ndi mkodzo, mkodzowo n'kumachita thovu. Mukamuika botolo lero, pakangopita masiku ochepa yambiri yatuluka kale. Madokotala amaigwiritsa ntchito pokhapokha kutupa kukafika poopsa, pamodzi ndi mankhwala okodzetsa, uku akupereka chithandizo chenicheni cha impsozo.

Nanga mwana wotupikana chifukwa cha kusowa zakudya? Apa ndiye tisayerekeze. Mtima wa mwana wotere umakhala wofooka kale, ndipo madzi owonjezera m'mitsempha akhoza kuulemera mpaka kuima. Iye amachira ndi mkaka wa kuchipatala uja wa F-75 ndi F-100, kenaka chiponde, pang'onopang'ono.

Sindikunena kuti mankhwalawa ndi achabe. Chipatala chachikulu cha Kamuzu chimalandira odwala ochokera ku Dowa, Mchinji, Dedza, Salima ndi maboma ena, ndipo ena mwa iwo ziwindi zawo zidauma chifukwa cha hepatitis B, likodzo kapena mowa. Mimba ikadzaza madzi mpaka munthu kulephera kupuma, adokotala amaiboola ndi singano n'kupopa madziwo. Akapopa malita opitirira 5 nthawi imodzi, magazi amatha kuyenda mofooka ndipo impso zimatha kuvulala. Pamenepa albumin imateteza, ndipo muyeso wake ndi magalamu 6 mpaka 8 pa lita iliyonse yopopedwa. Pena madzi a m'mimbawo amagwidwa ndi tizilombo. Kafukufuku wa ku Spain wa 1999 pa odwala 126 otere adapeza kuti mwa amene adalandira mankhwala opha tizilombo okha, 29 pa 100 aliwonse adamwalira m'chipatala, pomwe mwa amene adawaonjezera albumin adamwalira 10 pa 100. Ngati m'bale wanu ali m'gulu limeneli, ndalamayo siikupita pachabe. Imathandizanso impso zikafooka chifukwa cha chiwindi, komanso kwa ena amene apsa kwambiri ndi moto.

Koma taonani zimene zidapezeka pamene akatswiri adafuna kuifalitsa kwa odwala ena. Mu 2004, ku Australia ndi New Zealand, adayerekeza albumin ndi diripi wamba ya madzi amchere pa odwala mwakayakaya pafupifupi 7,000. Chiwerengero cha omwalira chidali chimodzimodzi. Yodula ndi yotchipa zidagwira ntchito mofanana. Atawunikanso mu 2007 amene adavulala m'mutu, adapeza kuti pomatha zaka ziwiri, 33 pa 100 mwa olandira albumin adali atamwalira, poyerekeza ndi 20 pa 100 mwa olandira madzi amchere. Mumzinda momwe akabaza a njinga zamoto akugwa tsiku ndi tsiku opanda zipewa, mfundo imeneyi njofunika kuisunga.

Kafukufuku amene akutikhudza kwambiri adachitikira kwa anansi athu, ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, motsogozedwa ndi Kathryn Maitland, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2011. Ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri, ambiri a malungo, amene magazi awo ankayenda mofooka, adawagawa patatu. Ena adawathira albumin mwachangu, ena madzi amchere mwachangu, ena sadawathire mwachangu chilichonse. Aliyense ankayembekezera kuti othiridwawo ndiwo apulumuke. Pomatha maola 48, mwa ana 100 aliwonse a m'magulu awiri oyambawo pafupifupi 11 adali atamwalira, pomwe m'gulu lachitatu adamwalira 7. Madokotala amene adaona anawo akutsitsimuka atangolandira diripi adadabwa okha. Maso amanyenga. Ndipo ngakhale pa matenda a chiwindi omwewo, kafukufuku wa ku Britain wa 2021 pa odwala 777 adaonetsa kuti kumangopereka albumin tsiku ndi tsiku pofuna kukweza nambala sikudathandize, m'malo mwake ena madzi adawadzadza m'mapapo.

Wina asandimve molakwa n'kukakana diripi pa kolera. Ana otsegula m'mimba sadali nawo m'kafukufuku uja. Munthu amene wataya madzi amafunika madzi, ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 anthu ankapulumuka ndi thanzi ORS ndi diripi wamba, osati albumin.

Ngozi yaikulu ya albumin ndi yomweyo imene ili mphamvu yake. Imakoka madzi kuchokera m'minofu kulowetsa m'mitsempha. Kwa munthu wa mtima wofooka, wa magazi ochepa kwambiri, kapena amene impso zake zasiya kutulutsa mkodzo, madziwo amasowa kolowera n'kuthera m'mapapo. Wodwala amayamba befu, kutsokomola, mitsempha ya m'khosi n'kutupa. Ena thupi limaikana: kunjenjemera, kutentha, zidzolo, kutupa milomo, BP kutsika mwadzidzidzi. Wodikirira wodwala akaona chimodzi mwa izi aitane anamwino nthawi yomweyo, ndipo asakhudze kagudumu ka diripi kuti botolo lithe msanga.

Pachifukwa chimenechi, amene ali nazo ndalama kumayadi asamaganize zoitanitsa botolo ku Johannesburg n'kupempha mnzawo wa zachipatala kuti adzalipachike pamsomali wa kuchipinda. Kunyumba kulibe okosijeni, kulibe mankhwala othana ndi thupi likaikana.

Adokotala akakulemberani albumin, afunseni mwaulemu kuti akufuna ithandize chiyani kwenikweni, pafunika mabotolo angati, ndiponso ngati ilipo njira ina yotsika mtengo. Safunsa adadya phula. Dokotala wodziwa ntchito yake sangakwiye ndi mafunso otere, ndipo nawo madokotala athu azilankhula mosabisa ndi banja limene likufuna kugulitsa munda kuti ligule mabotolo osasintha kanthu. Mukagula, gulani m'sitolo yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, onani tsiku lothera mphamvu, ndipo madzi ake akhale oyera bwino, opanda zinyalala pansi. Botolo likatsegulidwa liyenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe maola anayi, lotsala salisungira mawa, ndipo nambala yake ya ku fakitale ilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo kuti pakadzapezeka vuto, adzathe kulondola komwe lidachokera.