Bodi siinama: kabati ikang'ambika m'mbali, funsani sowo

Imwe ba kalipentala ba mu Kafue, kuchokera ku Industrial Area kufika ku Shikoswe na Zambia Compound, tiyeni tikambeko chilungamo. Kasitomala akagwira kabati yatsopano, chala chake chimayamba kuyenda m'mbali. Akapeza melamine yabenthuka ngati yalumiwa na khoswe, mtengo watsika pamenepo, olo mukambe bwanji.

Ambiri amathamangira kunena ati bodi ni ya fongkong. Nthawi zambiri vuto ili pa mashini.

MDF na chipboard si mukwa. Ni tuzidutswa twa mtengo tomatidwa na guluu, ndipo guluu ameneyo amadya mano a sowo msangamsanga. Bledi yobuntha siidula, imang'amba. Gulani ya mano a carbide, ndipo mano akhale ambiri: pa bledi ya mamilimita 250, mano 60 kufika 80. Ija ya mano 24 isiyileni mapulanga.

Chachiwiri ni dzanja lanu. Mukakankha bodi mothamanga, dzino lililonse limaluma chachikulu, m'mbali mumabenthuka. Mukachedwetsa maningi, bledi imangopekesa, bodi imapsa, mzere wakuda uja. Mvelani kulira kwa mota: ikayamba kubuula, bwezani dzanja pang'ono. Tonse tikumbuka load shedding ya 2024, malaiti akabwera munthu afuna kutsiriza nchito ya tsiku lonse mu maola atatu. Changu chameneco ndiye chimadya bodi.

Pa table saw, mbali yokongola iyang'ane kumwamba. Pa sowo ya m'manja, iyang'ane pansi, cifukwa mano amatulukira pamwamba. Ngati mulibe panel saw, yambani mwalemba mzere wa milimita imodzi kapena iwiri, ndiye mudule zonse. Masking tape pa mzere nayo imathandiza. Pa router, biti ikakula tsitsani spidi, ndipo dulani kawiri kapena katatu, osati kamodzi.

M'mbali mwa MDF mumamwa penti ngati siponji. Pitishani sandpaper ya 180 kapena 220, pakani sealer, penti ibwere pambuyo. Ndipo valani mask, fumbi ija ili na formaldehyde, chifuwa chanu chilibe sipeya.

Manje imwe ogula: musanapeleke ndalama, tsegulani chitseko, yendetsani chala m'mbali mwa shelefu. Pobenthuka ndiye polowera madzi, ndipo chipboard ikamwa madzi imatupa, siibwerera. Kabati ya mu khichini yotero siiona mainza awiri.