ZA ANA ATHU NDI CHINGEREZI

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, pali nkhani imene tifuna tiiganizire pamodzi. Ambiri a ife tinasiya midzi yathu chifukwa cha ana, kuti iwo adzapeze zimene ife tinazisowa. Tsono mwana akaitanidwa pa lamya, funso loyamba la atate wake ndi lakuti: "Kodi wayamba kulankhula Chingerezi?" Akapereka moni m'Chizungu, atate akondwa nauza komboni yonse, akachita chibwibwi, ati mphunzitsi ndi waulesi ndipo ndalama zapita pachabe. Ife tikuti muyeso umenewu ndi wolakwa, ndipo uwononga ana.

Chingerezi sitichikana ai. Mayeso a Sitandade 8 kwathu ku Malawi alembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa. Pangano la ntchito ndi chikalata cha malipiro ziri m'Chingerezi, ndipo munthu wosachidziwa asaina zimene sanazimve. Funso lathu ndi ili: kodi mwana wa zaka 6 kapena 7 timyembekeze kudziwa zotani?

Tikumbukire Fanakalo, chimene ku Zimbabwe achitcha Chilapalapa. Makolo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela anali kuchiphunzira msanga, pakuti mawu ake ambiri ndi a Chizulu opepukitsidwa, osakaniza ndi Chingerezi ndi Chibunu. Chinali kukwanira kuti munthu amve kapitao akati nyamula, bwera, fulumira. Koma ndani anachita nacho mlandu wa malipiro ake napambana? Chingerezi choloweza pamtima chifanana nacho. Mwana adziwa kuimirira akauzidwa ndi kubwereza mawu a mphunzitsi, koma mukamfunsa tanthauzo lake angoyang'ana pansi. Kodi tavutika zaka zonsezi kuti ana athu adzakhale omva malamulo okha?

Nawo maboma akhala ali kusinthasintha pa nkhani iyi. Ku Malawi, kuyambira 1968, ana anali kuphunzira m'Chichewa zaka 4 zoyamba, ndi kulowa m'Chingerezi mu Sitandade 5. Mu 1996 unduna unalamula kuti m'makalasi oyambawo aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti chiyambire mu Sitandade 1. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silisintha makutu a mwana wa ku Dedza. Si chachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi limodzi loyamba, ndipo ambiri a iwo sanamvepo Chingerezi pakhomo pawo. Mwana wotere asenza akatundu awiri nthawi imodzi: kuzindikira malembo, ndiponso kumva mawu achilendo.

Anthu ophunzira anaufufuza mlandu uwu kalekale. Bungwe la UNESCO linanena mu 1953 kuti mwana aphunzira bwino koposa m'chilankhulo cha amake. Jim Cummins, wofufuza wa ku Canada, anapeza kuti ana a alendo m'dziko lija anali kudziwa Chingerezi chochezera m'zaka ngati 2, koma Chingerezi cha m'mabuku chinali kuwatengera zaka 5 kufikira 7. Taonani, awo ndi ana omva Chingerezi m'misewu tsiku ndi tsiku. Nanga wathu, amene achimva pa sukulu pokha?

Inu a m'minda ya fodya mudziwa kuti njere zake sazifesa m'munda waukulu. Ziyambira pa nazale, zithiriridwa, ndipo mbande ziwokeredwa zitakhwima. Wowokera mbande yanthete aipha ndi dzuwa. Chilankhulo cha pakhomo ndicho nazale ya nzeru za mwana. Akadziwa kulumikiza malembo ndi kumva zimene awerenga m'Chichewa, luso lomwelo apita nalo ku Chingerezi, pakuti munthu aphunzira kuwerenga kamodzi kokha.

Chifukwa chake ife tiyesa kuti muyeso woyenera ndi uwu. M'zaka 2 zoyamba, mwana adziwe kuwerenga ndi kulemba chilankhulo chake, kuwerengera, ndi kumva Chingerezi chapafupi, monga moni ndi maina a zinthu za m'nyumba. M'chaka chachitatu ndi chachinayi, awerenge kankhani kakafupi ka Chingerezi ndi kukafotokoza m'Chichewa. Pofika Sitandade 8, akhoze kulemba kalata yomveka, kuwerenga chidziwitso cha boma ndi kumasulira agogo ake. Wofika apa ali ndi Chingerezi chomuthandiza, ngakhale lilime lake lisamveke ngati la ku London.

Tinenenso za ana amene tiri nawo kuno ku ulendo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: ku Johannesburg asewera m'Chizulu kapena m'Chisutu, ku Harare m'Chishona, ku Bulawayo m'Chindebele, ndipo ku sukulu apeza Chingerezi. Makolo ena, poopa kuti mwana asokonezeka, aleka kumlankhula m'Chichewa nayamba kumlankhula Chingerezi chothyokathyoka. Potero amlanda chuma chimene ali nacho chochuluka, nampatsa chimene iwo eni ali nacho chochepa. Mwana angathe kusunga zilankhulo zitatu, malinga ngati chimodzi chazika mizu. Ndipo palibe chochititsa manyazi: malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 aika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mwana wosatha kucheza ndi agogo ake wasanduka mtchona asanayende ulendo uliwonse.

Tsono, abale, potumiza ndalama mwezi uno, patulaniko ya buku limodzi la Chichewa ndi limodzi la Chingerezi chapafupi. Muuzeni mwana akulembereni kalata ndi dzanja lake, akuuzeni za mvula, za mbuzi ndi za maliro a m'mudzi. Akakuwerengerani Chingerezi pa lamya, mfunseni kuti, "Tandiuza m'chathu, akuti chiyani?" Akayankha bwino, kondwani, pakuti ndalama zanu ziri kugwira ntchito. Akalephera, musamkalipire; funsani mphunzitsi ngati mwanayo adziwa kuwerenga chilankhulo chake, pakuti kawirikawiri nthenda iyambira pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.