Kodi Anali Mafano Chabe?

M'mwezi wa Malichi 2001, a gulu la Taliban anaphulitsa ndi mabomba ziboliboli ziwiri za Buddha zosemedwa pathanthwe m'chigwa cha Bamiyan ku Afghanistan. Chachikulu chinali chotalika mamita 55, chinzake mamita 38, ndipo zinali zitaima pamenepo zaka pafupifupi 1,400. Mpaka lero alipo anzathu amene amati: "Anali mafano chabe, tidandaulirenji?" Ife maganizo oterewa tikuwakana.

Tiyeni tione kumene ziboliboli zija zinachokera. Chipembedzo cha Buddha chinayambira ku India. Chinafika ku China pang'onopang'ono, potsata njira za amalonda a nsalu za silika. Amonke ankayenda limodzi ndi apaulendowo ndi ngamira zawo, ndipo pamalo opumulirapo ankasema mapanga opemphereramo. Umu ndimo anayambira mapanga a ku Dunhuang, kumene kunapezeka buku losindikizidwa m'chaka cha 868. Bamiyan anali amodzi mwa malo otere. Mmonke wa ku China, Xuanzang, anadzera pamenepo cha m'ma 630 popita ku India kukafuna mabuku opatulika, ndipo analemba za ziboliboli zimene anaziona. Ulendo wakewo unamtengera zaka 16. Kodi munthu angavutike chotere chifukwa cha mwala wopanda pake? Iyayi, anali kufunafuna choonadi ndi mtima wonse.

Wina adzati: "Nanga ife tikupembedza Buddha?" Sitikutero ayi. Koma kulemekeza mnansi sikutanthauza kutaya chikhulupiriro chathu. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chaka cha 1965, unatchula Abuda ndi dzina lawo, nuphunzitsa kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina. Ngakhale maiko a Asilamu, monga Pakistan, anachonderera a Taliban kuti aleke, koma iwo sanamve. Choncho asatinamize kuti chinagumula Bamiyan ndi chikondi cha pa Mulungu. Chinali chipongwe cha munthu wa mfuti, wofuna kufafaniza mbiri ya anthu amene analipo iye asanabadwe.

Abale, akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtima umene unaphulitsa Bamiyan ndi womwewo umene umatentha matchalitchi ndi mizikiti. Tikaombera m'manja lero chifukwa nyumba yagwayo ndi ya ena, adzatilirira ndani tsiku limene yathu idzagwe?