Mashingozi Sachokera Kutali

Ku Kawale, ku Biwi ngakhale ku Mgona, munthu akatuluka matuza otentha ngati moto mbali imodzi ya nthiti, manong'onong'o amayamba pa mpope. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi zotsatira za kuyendayenda. Chikhalirecho kachirombo ka mashingozi ambirife tili nako kale, ndipo tidakatenga tili ana pomwe tidadwala katsabola.

Katsabola akapola, kachiromboko sikachoka. Kamatsata minyewa ya pakhungu nkukabisala m'maselo a minyewa m'mbali mwa fupa la msana. Dokotala wa ku England, Edgar Hope-Simpson, adalongosola zimenezi mu 1965.

Nanga kamagona bwanji zaka zonsezo? Kachiromboka kali ndi malangizo pafupifupi 70 olembedwa mu DNA yake. Akatswiri amawatcha majini, koma asatisokoneze, si ziwanda zija ayi. Kuti kaswane, malangizowa ayenera kuwerengedwa motsatana. Oyamba amadzutsa achiwiri, achiwiri amachulukitsa DNA, achitatu amamanga zigoba za tizirombo tatsopano. Tsono m'selo ya minyewa, DNA imakulungidwa zolimba ndi mapuloteni ngati mphasa yopindidwa, ndipo amene amawerengeka ndi malangizo ochepa chabe. Oyamba aja akakhala chete, otsatira onse sadzuka.

Nthawi zina mphasayo imamasuka, koma asilikali a m'thupi otchedwa maselo a T amazimitsa moto usanakule. Asilikaliwa akafooka ndi ukalamba, khansa, mankhwala ena kapena HIV, malangizo onse amawerengedwa mpaka kumapeto. Tizirombo timatsika ndi mnyewa womwe uja kufika pakhungu, nchifukwa chake matuza amandandana mbali imodzi yokha.

M'zaka za m'ma 1990 mashingozi adachuluka pakati pa achinyamata chifukwa cha Edzi, ndipo manyazi adayambira pamenepo. Komatu agogo opanda HIV amadwalanso. Choyenera ndi kukayezetsa magazi, makamaka ngati wodwala ndi wachichepere. Kuyambira 2004 ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo a Lighthouse amathandiza ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila.

Tisataye masiku popaka phulusa kapena zitsamba pa zilonda. Mankhwala a acyclovir amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Sachotsa kachirombo kogona, koma amaletsa kamene kadzuka kuswana. Matuza akakhala pamphumi kapena pafupi ndi diso, tithamange tsiku lomwelo, chifukwa diso lingawonongeke. Madzi a m'matuza angapatse katsabola munthu amene sanadwalepo, choncho tiphimbe zilonda ndi nsalu yoyera, ndipo makanda ndi amayi oyembekezera asazikhudze.

Mnansi wathu akadwala, tisiye zoloza chala. Timuperekeze kuchipatala m'mawa.